Tsiku Limene Galimoto ya Mishoni Inalowa mu Bua

1

Kumudzi kwa malemu mkazi wanga, kumapiri a Ntchisi, mpaka lero amati ine Kalisto ndinapha mkazi ndi galimoto. Sindinawatsutsepo. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo pa nkhani iyi ndinachita kusankha kukhala chete. Lero ndifotokoza kamodzi, kwa inu amene simundidziwa. Maina ndasintha, langa lomwe. La mudzi ndi la mishoni sinditchula.

Masiku ano a Chitaganya atangoyamba ndinalembedwa udalaivala pamishoni ya Akatolika. Galimoto inali imodzi yokha, yaifupi, ya denga la tenti. Wansembe wamkulu, amene tinkamutcha Bambo Mfumu, ndiye anandiphunzitsa kuyendetsa ndi kukonza. Mishoniyo inali ndi timatchalitchi kutsidya la mtsinje wa Bua. M'chilimwe tinkawoloka pansi, madzi a m'mawondo. M'dzinja mtsinje ukadzaza tinkakoka boti la matabwa pangolo ya matayala awiri, kuchokera kumapiri mpaka padoko.

Kutsitsira boti m'madzi kunali ndi kachitidwe kake. Msewu wa kudoko ndi wotsetsereka, mabuleki umaponda njira yonse. Pofika, chitsulo cha pakati pa matayala chimakhala chili moto, ukalavulirapo malovu amawira. Chitsulo chotentha chikakhudza madzi ozizira chimawayamwa. Madziwo amalowa kumene kumakhala oyilo, oyilo n'kuyera ngati mkaka, ndipo sipatenga nthawi galimoto imayamba kulira kunsi ngati chigayo. Mabuleki onyowa sagwira. Paipi ya utsi ikamira, injini imazima pomwepo.

Choncho ine galimoto sindinkailowetsa m'madzi. Ndinkaiimika pamtunda pouma n'kutchinga matayala ndi miyala. Ngolo ndinkaimasula, n'kuimangirira chingwe chachikulu chimene ndinkachizunguliza pamkuyu wa padokopo. Ndinkadikira kuti matayala a ngoloyo nawo azizire, mpaka dzanja likhale pachitsulo osapsa. Ndiye amuna a padoko ankagwira chingwe, ngolo n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka boti litayandama lokha.

Anthu ankatopa nane. Ankati galimoto ya Kalisto ili ndi chiwewe, n'chifukwa chake imaopa madzi. Ngakhale Bambo Mfumu, amene anandiphunzitsa zimenezi, masiku ena ankayang'ana wotchi n'kunena kuti ndapitirira muyeso. Ine ndinkangoika dzanja pachitsulo n'kupukusa mutu. Ankadikira.

2

Roza ndinamukwatira mwa chikamwini. Kwathu ndi kutsidya la Bua, dera la Kasungu, koma ndinamanga nyumba kwawo, pafupi ndi mishoni, ndipo ndinkalima munda wa kwawo. Tinali ndi mwana mmodzi, Anjelina, amene mano ake akutsogolo anali atangoguluka.

Roza anali munthu wa kuseka ndi kwaya. Ankati kukhala ndi ine kuli ngati kukhala ndi nkhokwe: chakudya chilimo, koma ukailankhula siyankha. Ankanena akuseka. Ine ndinkayesa nthabwala.

Chakumapeto kwa 1958 kunabwera Alexio, mng'ono wanga wa bere limodzi. Ankaperekera zakudya muhotela ku Halale. Anabwera ndi nsapato za mitundu iwiri, zoyera pamwamba zakuda m'mbali, ndi pakamwa posatopa. Madzulo ankakhala pakhonde pathu kufotokoza za magetsi a m'misewu, za kanema, za Kongiresi ndi kuipa kwa Chitaganya. Roza ankasenda mtedza akumvetsera. Munthu ndi mlamu wake amaseleulana, ndi mwambo, palibe amene amacheukapo. Alexio ankamuti mkazi wake wamkulu. Roza ankamugenda ndi makoko a mtedza.

Anandipempha kuti ndimuphunzitse galimoto. Ndinapempha chilolezo kwa Bambo Mfumu, n'kumamuphunzitsa pabwalo la mpira la sukulu. Anagwira msanga. Tsiku lina ndinapita naye kudoko kuti aone ntchito ya boti. Anaima manja m'thumba, kuonerera amuna akutsitsa ngolo ndi chingwe.

“Achimwene,” anatero, “ku Halale azungu amangobweza galimoto cham'mbuyo mpaka m'madzi, boti n'kutsika lokha, basi apita. Inu mukuchita ngati mukutsitsa bokosi m'manda.”

Amuna aja anaseka.

“Gwira chingwe,” ndinamuyankha.

Anagwira ndi zala ziwiri, kuopa kudetsa malaya.

3

Ndiyambe ndi zimene anthu anaona.

Munali m'Malichi chaka cha 1959, masiku amene boma linkagwira anthu a Kongiresi, asilikali ali ponseponse m'misewu. Linali Lamulungu. Amuna a padoko anali kutchalitchi kwawo. Pobwerera, dzuwa lili pamutu, anapeza galimoto ya mishoni ili m'madzi mpaka m'zitseko. Ngolo inali itagona chammbali. Boti linali litagadabuka, litakodwa m'bango cha kumunsi. Ine ndinali nditakhala pamtunda, zovala zili chonyowa.

Anandifunsa ngati munali munthu m'botimo. Ndinati munali mkazi wanga.

Roza anapezeka masana omwewo. Anamupeza ndi asodzi a mono, atakodwa m'mizu ya mtengo pamene mtsinje umakhota. Anamufunditsa nsalu ya mayi wina. Ine ndinayang'ana mapazi okha. Anali oyera kwambiri.

Bambo Mfumu anafika panjinga yamoto. Anagwada kaye pamene panali Roza, kenako anabwera kwa ine, anthu atatizungulira. Anafunsa amene ankayendetsa galimoto.

“Ndine,” ndinatero.

Anafunsa kumene timapita. Ndinati timakaona amayi anga kutsidya, tinamva kuti akudwala. Anafunsa ngati ndinatengadi galimoto popanda chilolezo, tsiku la Mulungu, ndikudziwa kuti padoko palibe amuna ogwira chingwe. Ndinavomera zonse. Anayang'ana mkuyu uja. Chingwe panalibe, chinali chikhalire chokulungidwa m'galimoto. Anayang'ana miyala yanga yotchingira matayala. Inali pamalo pake, udzu utaimerera m'mbali.

“Kalisto, iwe sungachite zimenezi.”

“Ndachita.”

Zoti Alexio sakuoneka anthu anazindikira pamaliro. Palibe anadabwa. Anyamata ambiri olankhula za Kongiresi anathawira m'mapiri sabata imeneyo. Anthu anati wachita bwino, asilikali akanamugwira ndi pakamwa pake paja.

4

Roza anaikidwa kumanda a mishoni, ndi Misa, kwaya yake ikuimba. Sindinalire. Sikuti ndinkadzilimbitsa. Ndinkafufuza m'kati mwanga osapezamo kanthu, ngati munthu wopisa dzanja mumtsuko wouma. Amayi ena anaziona n'kuyamba kunong'onezana.

Galimoto tinaitulutsa ndi ng'ombe za pagoli. Ndinapempha kuti ndiikonze ndekha. Ndinagona kunsi kwake n'kumasula zotsekera, oyilo anatuluka woyera, wosakanikirana ndi mchenga. Ndinatsuka paliponse, ndinayanika mabuleki padzuwa, ndinathira oyilo watsopano. Injini italira ndinapereka kiyi kwa Bambo Mfumu. Anaulandira, n'kunena motsitsa mawu kuti ngati zimene ndinawauza ndi zoona sangandisungenso pantchito, ndipo ngati si zoona sangandisungebe. Anati chitseko chawo chili chotsegula tsiku limene ndidzafune kulankhula. Ndinathokoza n'kutuluka.

Ntchito sinandipweteke. Chimene chinkandidikira ndinkachidziwa. Kwathu kuno mkazi akamwalira, pakapita mwambo wa kumeta, ankhoswe amakhala pansi n'kumusudzula mwamuna. Amanyamula khasu lake ndi bulangete lake kubwerera kwawo. Ana ndi a mbumba ya mkazi, amatsala. Mkamwini wa khalidwe amatha kumuuza kuti akhale alere ana ake. Ine sindinali mkamwini woteroyo tsopano. A Petulo, atsibweni ake a Roza, amene anali mwini mbumba, ananena poyera kuti sadikira ngakhale chimanga chiume m'munda. Anati munthu wopha mwana wawo chifukwa cha liuma, osalira n'komwe, asamwenso madzi a pachitsime chawo.

Anjelina anamutengera kunyumba kwa agogo ake. Ana anzake anali atamuuza kale zimene bambo ake anachita. M'mawa ndinkamuona akupita kuchitsime ndi kachidebe kake pamutu. Akafika pafupi ndi nyumba yathu ankalambalala, kudzera kuseri kwa khola. Ndinkaima pakhomo osamuitana.

Munda, nyumba, mbuzi, akanatha kutenga zonse. Ine ndinkafuna mwanayo basi. Ndipo mwa zinthu zonse za pamudzipo, iye yekha ndi amene mwambo sunkandilola ngakhale kupempha.

5

Mawa lake kukhala tsiku londisudzula, masana, ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusema mpini. Ndinamva munthu akukhala pansi mbali ina ya nkhokweyo, kenako kutsokomola. Anali apongozi anga, mai Margareta, amayi ake a Roza.

Chikwatirireni ndinali ndisanalankhulanepo nawo maso ndi maso. Tikakumana m'njira, iwo ankapatukira m'udzu kuno, ine uko. Uthenga unkadzera mwa Roza. Tsopano Roza kunalibe, pakati pathu panali nkhokwe.

Sanandipatse moni. Anati amene anasambitsa thupi la Roza ndi mkulu wawo, ndipo atamaliza anawaitanira padera. Roza anali atavala madiresi awiri, lina pamwamba pa linzake. Nsapato zake za kutchalitchi anali atazimangirira m'chiuno, m'kati mwa nsalu. Ndipo m'chiunomo munali mikanda yatsopano, ya mtundu umene m'masitolo a kuno mulibe.

“Mikanda imeneyo munagula ndinu, akamwini?”

Ndinapitiriza kusema.

“Munthu wokazonda apongozi odwala savala chomwecho. Mwana wanga anali paulendo wosabwerera. Anali ndi ndani?”

Ndinatembenuza mpini n'kuyamba kusema mbali ina.

“Mng'ono wanu uja anathawadi asilikali?”

Mpeni unaterereka n'kundicheka chala. Ndinayang'ana magazi akudontha pampini. Sindinamve kuwawa. Iwo sindinawayankhe, ndipo sindinawayankhepo mpaka lero. Koma inu ndikuuzani.

6

Lamulungu lija ndinadzuka ndi malungo, sindinapite ku Misa. Roza anasambitsa Anjelina, anamupesa, anamutsogoza ndi agogo ake, nati awapeza akandipatsa phala. Anaika phalalo pafupi ndi mphasa.

“Mudye lisanazizire, bambo a Anjelina.”

Ndiwo mawu ake omaliza kwa ine. Ndinagona tulo.

Nditadzuka ndinaona jekete langa lili pansi, chonsecho ndinali nditalikoleka pamsomali. M'thumba munalibe kiyi. Ndinapita kugalaja ndikuzandima. Zitseko zinali zotsegula. Kutchalitchi ankaimba. Pansi pankaoneka kuti galimoto anachita kuikankha mpaka potsetsereka, osaliza injini, ngolo ya boti ili kumbuyo. M'matope munali mapazi a anthu awiri: nsapato zosongoka, ndi phazi la mkazi lopanda nsapato. Phazilo ndinkalidziwa.

Ndinatenga njinga. Njira yonse sindinaganize kanthu. Ndinkangotsata matayala.

Padoko ndinapeza zija anthu anadzaona pambuyo pake, kungoti panali Alexio. Anali atakhala m'matope, nsapato imodzi ilibe inzake. Atandiona anayamba kulankhula, mawu akuthamangitsana. Anati zinayamba pa Khirisimasi. Anati amafuna angowoloka, akakwere basi ku Kasungu, akalowere ku Halale. Galimoto akanaisiya pamtunda bwinobwino kuti ine ndidzaipeze. Koma padoko panalibe anthu a chingwe, ndipo nthawi inali kutha. Roza anakwereratu m'boti lili pangolo kuti asadetse diresi. Iye anabweza galimoto cham'mbuyo monga ankaonera ku Halale. Matayala akumbuyo atalowa m'madzi anaponda buleki, osagwira. Galimoto inatsetsereka m'matope, injini inazima, ngolo inapindika n'kukhuthula boti pamene madzi amathamanga. Anangomuona Roza kamodzi, dzanja lokha.

Ndinalowa m'madzi. Ndinatsata bango mpaka pokhota, ndikupapasa ndi mapazi. Sindinapeze kanthu. Nditabwerera, Alexio anagwada n'kunena kuti ndimumenye, ndimuphe ngati ndikufuna. Ndinamudutsa n'kupita pagalimoto.

Pampando panali phukusi, louma. Ndinalimasula. Munali nsalu zake, chipeso chake, kagalasi, sopo, ndi bulangete limene tinalandira paukwati. Ndinatulutsa chimodzichimodzi. Ndinakutumula bulangete. Ndinkafuna kanthu ka mwana: kadiresi, kansalu, chilichonse chosonyeza kuti ankaganiza zodzamutenga. Munalibe.

Ndinamufunsa Alexio liwu limodzi. “Mwana?”

Anayang'ana pansi. Anati Roza ananena kuti mwana akhala bwino ndi agogo ake. Ku Halale nyumba ndi chipinda chimodzi. Anati mwina akanadzamutumizira diresi.

“Pita,” ndinatero. “Usadzabwerenso.”

Anapita, akutsimphina ndi nsapato imodzi ija, kulowera kumtunda kwa mtsinje. Sindinamuonenso, ndipo sindinamvepo za iye.

Ndinabwezera zonse m'phukusi, ndinaikamo miyala, ndinamanga, n'kuliponya pakuya. Ndinafufuta mapazi a Alexio ndi nthambi. Njinga ndinaibisa m'tchire. Kenako ndinakhala pansi kudikira anthu. Sindinachite izi chifukwa cha Roza kapena Alexio. Ndinkangoona kamwa la Anjelina lopanda mano lija likufunsa kuti amayi amapita kuti, ndi ndani, nanga iye anamusiyiranji. Pa mafunso amenewo ndinalibe yankho loti mwana n'kulisenza. Loti bambo ake ndi chitsiru cha liuma, limenelo angalisenze.

7

Mai Margareta anadikira nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe kuja. Ataona kuti sindiyankha, anayamba kulankhula okha, ndipo mawu awo anali ouma ngati a pamsika.

Anati Agnesi, mng'ono wake wa Roza, ukwati wake ndi mwana wa mphunzitsi wa katekisimu aulengeza kale m'tchalitchi. Anati Roza wagona m'manda odalitsidwa, kwaya inamuimbira. Nkhani iyi ikatuluka, ukwati uja watha, ndipo mbumba yawo idzakhala nyimbo ya pamtondo. Anati amuna amawadziwa: mwamuna akachoka chimanjamanja, amakafika pamowa, pakamwa n'kutseguka.

Ine mowa sindimwa. Iwo ankadziwa.

“Mwanayo mumutenge,” anatero. “Mupite naye kutali, osati kwanu kutsidya kumene anthu amatidziwa. Koma pakamwa mutseke mpaka m'manda.”

Ankagula chinthu chimene anali nacho kale. Ndikanakhala munthu wolungama ndikanawauza kuti asavutike, sindikananena ngakhale atandithamangitsa wamaliseche. Sindinawauze. Ndinangoti, “Ndamva.” Ndiwo mawu okha amene ndinalankhulapo ndi apongozi anga.

M'mawa mwake ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Petulo analankhula nthawi yaitali za galimoto, za chingwe chimene ndinachisiya dala, za maso anga ouma. Anandiuza kuti ndine womasuka, ndinyamule zanga dzuwa lisanapendeke. Ndinawomba m'manja mwaulemu.

Apo mai Margareta, ali kumbali ya amayi atandifulatira, ananena kuti nditengenso mwana wanga.

A Petulo anafunsa ngati mlongo wawo wazungulira mutu. Anati mwana wa mbumba sapita kuchimuna, makamaka kwa munthu wotere. Anati iwo ali moyo, chimanga chilipo, mwana asowa chiyani?

“Ndikamuyang'ana ndimaona nkhope ya bambo ake,” anayankha mai Margareta. “Sindingadye naye mbale imodzi. Wobereka ndine, wotaya ndine. Achoke onse.”

Anjelina anali pomwepo, atatsamira pamsana pa agogo akewo. Anamva zonse. Ndinamuona akuchotsa dzanja lake paphewa pawo pang'onopang'ono, n'kuliika pamwendo pake. Mai Margareta sanacheuke, anangokoka nsalu yawo n'kudziphimba kumaso. A Petulo anakangana nawo mpaka mawu anasasa, kenako anadzuka n'kunena kuti asamba m'manja.

8

Tinanyamuka masana. Ine ndinasenza khasu, bulangete ndi kathumba ka ufa. Anjelina anali ndi kaphukusi kake pamutu. Palibe anatiperekeza. Tinkapita kumsewu waukulu kukadikira lole ya ku Mponela, kuti tikafike ku Chisepo, kumene mnzanga wina anandilonjeza kamunda ka fodya.

Ankayenda kumbuyo kwanga, patali. Ndikaima, naye ankaima. Tinatsika phiri loyamba. Titafika pamthunzi wina ndinakhala pansi n'kumasula mbatata yootcha. Ndinamuikira pamwala pakati pathu. Anatenga, koma sanadye.

“Ababa.”

“Ee.”

“Tsiku lija, bwanji amayi sananditenge?”

Chala changa chodulidwa chija chinayamba kuwawa nthawi yomweyo, koyamba.

Ndinamuuza kuti amayi ake ankafuna kumutenga. Anali atamukonzera kale kadiresi kofiira kaja. Ndine ndinakana, chifukwa cha malo m'galimoto. Tinakangana. Atafika padoko n'kuona mmene madzi anadzazira, anati bola mwana wanga watsala, ali pouma ndi agogo ake. Anati pobwerera timugulire nthochi kutsidya, zazifupi zija amazikonda. Anati madzulo amuluka tsitsi, chifukwa m'mawa anangomupesa mothamanga. Ali m'boti anandifunsa ngati dzino lake latsopano layamba kutuluka, poti iye anaiwala kuyang'ana.

Sindinalankhulepo mawu ambiri chomwecho chibadwire. Ankangotuluka, ndipo onse anali abodza.

Anjelina anapisa chala m'kamwa n'kupapasa nkhama. Anati layamba. Kenako anati ndinenenso, kuyambira pa kadiresi. Ndinanenanso. Anadya mbatata ija. Ponyamuka anayendabe kumbuyo, koma pafupi, moti ndinkamva kupuma kwake.

Tsopano papita zaka, ndipo akuti Chitaganya chikutha. Ndimalima fodya, galimoto sindinaigwirenso. Anjelina ali pasukulu. Amakhulupirirabe kuti ndine ndinalowetsa galimoto m'madzi. Saseka nane kawirikawiri, ndipo masiku ena amandiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa tanthauzo lake. Koma amagona m'nyumba mwanga, ndipo akadwala amaitana ine.

Inu owerenga, ena mwa inu munena kuti mwana ayenera kudziwa zoona za mayi ake, ndipo kuti bodza ndi tchimo ngakhale litavala bwino. Sindikutsutsani. Ndinangoona kuti mwana akakwiyira bambo wamoyo, bamboyo amadzuka m'mawa n'kumuphikira phala, mawa n'kumuphikiranso, mpaka mkwiyo utatopa. Wakufa alibe m'mawa woti akonzere zimene analakwa. Ngati mwa inu muli wina amene akudziwa njira yabwino yoposa imene ndinatenga, ayenera kuti sanamasulepo phukusi lotere.

Amandifunsabe nkhani ija, makamaka mvula ikamayamba. Dzulo anandifunsanso, akusoka thumba la fodya, osandiyang'ana. Anandikonza pamene ndinalumpha nthochi. Ndinabwerera n'kuyambiranso pa kadiresi.